Chakudya chatayikira pa kapeti ya galimoto: mafunso ndi mayankho kwa oyendetsa a ku Mzuzu

Galimoto za kuno sizinyamula anthu okha. Loweruka yachokera ku Nkhata Bay ndi nsomba za batala m'buti, Lolemba ikutula ana kusukulu aliyense botolo la sobo lili m'manja, Lachitatu yasenza mapoto a ndiwo kupita kumaliro ku Ekwendeni. Chinachake chimatayika basi. Ndakhala ndikusamalira galimoto yanga ndi za abale kwa zaka zingapo, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi omwe anthu amandifunsa kawirikawiri, ena atafika atatsina kale mphuno.

Msuzi wangotayika kumene, ndili pamsewu. Ndichite chiyani pompano?

Imani pabwino, musadikire kuti mukafike kaye ku Chibavi kapena ku Luwinga. Ngati pali mati, itulutseni mosamala kuti zomwe zili pamwamba pake zisakhuthukire m'mbali. Zolimba monga nyemba, mpunga kapena zidutswa za tomato muziwole ndi supuni, chivundikiro cha kontena, ngakhale kachidutswa ka katoni. Mukatero tengani nsalu youma iliyonse, chitenje chakale kapena malaya ogwirira ntchito, muipinde kangapo, muiyale pamalopo n'kuiponda ndi chidendene. Ikanyowa, tembenuzani mbali youma, pondaninso.

Chomwe simuyenera kuchita ndi kukhula. Dzanja limathamangira kukhula lokha, koma kutero kumakankhira msuzi pansi ndiponso kumakulitsa banga lomwe linali ngati chikhatho n'kufika kukula ngati mbale. Kanikizani, yambirani m'mphepete kulowera pakati. Ngati muli ndi madzi akumwa, dontheziranipo pang'ono, theka la kapu osapitirira, ndipo muwayamwitsenso ndi nsalu. Zotsalazo mukamalizira kunyumba tsiku lomwelo.

Ndinatsuka, pamwamba pakuoneka poyera, koma fungo likadalipo. Likuchokera kuti?

Likuchokera pansi pomwe maso anu sakuona. Kapeti ya galimoto si nsalu imodzi. Pamwamba pali ubweya wopangidwa ndi pulasitiki, kawirikawiri nayiloni, poliyesita kapena polypropylene, ndipo ubweyawu sumwa madzi kwenikweni. Pansi pake pali chinsalu chokhuthala ngati bulangete, kapena siponji, chomwe anaikapo kuti chizichepetsa phokoso la msewu ndi kutentha. Pansi pa chibulangetecho ndiye pali chitsulo cha galimoto.

Zamadzimadzi zikatayika zimatsetsereka pa ubweya, zimapeza podutsira monga m'mphepete, pa mabawuti a mpando kapena pomwe kapeti yaperepeseka ndi chidendene, n'kukamwerera m'chibulangete muja. Mmenemo simufika dzuwa, simudutsa mphepo. Tizilombo tosaoneka ndi maso timayamba kudya mkaka kapena msuziwo, ndipo fungo lomwe mukumva ndi mpweya womwe timatulutsa. N'chifukwa chake limakula masana galimoto ikakhala padzuwa mawindo ali otseka, kapena mvula ikagwa, ndipo m'mawa kukazizira limakhala ngati latha.

Yesani chonchi: yalani tishu youma pamalopo, kanikizani ndi chibakera mwamphamvu kwa kanthawi. Ikatuluka yonyowa kapena yonunkha, dziwani kuti ntchito ikadalipo ndipo ili pansi.

Kodi ndiyenera kugula mankhwala apadera, kapena za kukhitchini zingakwane?

Pa mabanga ambiri za kukhitchini zimakwana. Mufunika sopo wamadzi wotsukira mbale, viniga woyera, soda yemwe uja amayi amathira m'therere, burashi yofewa, ndi mathawulo akale atatu kapena anayi. Mathawulowo ndi ofunika kuposa zina zonsezo.

Sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya sopo m'theka la lita ya madzi ofunda pang'ono. Musaonjezere poganiza kuti thovu lambiri ndiye ukhondo. Sopo wotsalira mu kapeti amamata fumbi, ndipo pakatha milungu iwiri pamalo pomwe munatsuka ndi pomwe pamada kuposa pena ponse, makamaka ndi dothi lofiira la kuno. Nyowetsani nsalu kapena burashi m'madziwo, osati kukhuthulira madzi pa kapeti. Pakani modekha, siyani mphindi zisanu, yamwitsani ndi thawulo louma. Bwerezani kawiri kapena katatu. Tsukuluzani ndi nsalu yoviika m'madzi oyera, muyamwitsenso. Pakakhala fungo, sakanizani viniga ndi madzi muyeso wofanana, wazani, dikirani mphindi khumi, yamwitsani. Pakauma, kapena pakatsala kachinyezi kochepa, wazani soda mokwanira, agone usiku wonse, m'mawa mumuchotse ndi huva.

Musanapake chilichonse pamalo poonekera, yesani kaye pansi pa mpando kuti muone ngati mtundu wa kapeti sukusuluka.

Ndinaona pa Facebook akusakaniza soda ndi viniga mpaka kuchita thovu. Si ndiye zamphamvu zimenezo?

Thovulo limasangalatsa maso, koma ndi chizindikiro choti awiriwo akuthetsana mphamvu. Viniga ndi asidi, soda ndi mdani wa asidi. Akakumana mumatsala ndi madzi amchere ndi mpweya. Gwiritsani ntchito aliyense pa nthawi yake: viniga poyamba, yamwitsani, soda pambuyo.

Madzi otentha kapena ozizira?

Zimatengera chomwe chatayika. Mkaka, dzira, magazi a nyama ndi madzi a nsomba zimafuna madzi ozizira. Ganizirani zomwe zimachitika dzira likagwera m'madzi owira: limalimba. Zimenezo ndi zomwe zimachitikanso mu ubweya wa kapeti, ndipo zikagwirana choncho kuchotsa kwake n'kovuta. Mafuta, sobo ndi zashuga zimamasuka bwino ndi madzi ofunda, oti dzanja likhoza kukhalamo. Madzi owira asafike pa kapeti chifukwa amafewetsa guluu ndi pulasitiki ya kunsi kwake.

Ndinanyamula nsomba kuchokera ku Nkhata Bay, madzi ake anadontha m'buti. Galimoto yonse ikununkha. Pali chiyembekezo?

Chilipo, koma apa ndiye pofuna kudekha. Zinandichitikira ine ndemwe. Ndinagula batala ndi usipa wauwisi, ndinaika m'jumbo ziwiri ndi madzi oundana, n'kumati ulendo wa makilomita pafupifupi 50 si kanthu. Pokwera zitunda zija jumbo inapendekeka, munga wa nsomba unaboola, ndipo pofika ku Katoto madzi anali atapita kale. Ndinapukuta pamwamba, ndinapopera pefyumu, n'kukagona. Patatha masiku atatu mlamu wanga anakwera, anayenda nane pang'ono chabe n'kunena mwaulemu kuti atsike, akufuna awongoleko miyendo. Patatha sabata ndinatukula kapeti ya m'buti n'kupeza kuti madzi onse anatsikira m'dzenje la tayala la sipeya, ndipo munali mphutsi.

Ndiye poyambira ndi pamenepo. Tulutsani chilichonse m'buti: kapeti, thabwa la pansi pake, tayala, jeke, zipangizo. Ubwino wa kapeti ya m'buti ndi woti m'galimoto zambiri imachoka, ndiye mukhoza kuichapira panja ndi madzi ambiri ozizira ndi sopo, n'kuiyanika pachingwe ngati bulangete. Dzenje la sipeya litsukeni ndi sopo, mulipukute mpaka liume kuti gwa, chifukwa madzi okhalitsa pamenepo amabweretsa dzimbiri. Tayala nalonso litsukeni, labala amasunga fungo. Thabwa lija ngati lamwa madzi a nsomba n'kufufuma, musalimbane nalo. Pitani nalo kwa kalipentala akudulireni lina la muyeso womwewo.

Pa fungo la nsomba viniga ndiye mwini ntchito. Nsomba ikamaola imatulutsa amoniya ndi mipweya ina ya mtundu womwewo, ndipo asidi amaigwira kuti isauluke. N'chifukwa chake amayi akamaliza kutumbula nsomba amadzipaka ndimu m'manja. Wazani viniga wosakaniza ndi madzi, siyani mphindi 15, yamwitsani, yanikani, nunkhizani. Mwina mubwereza katatu. Fungo la viniga lisakudetseni nkhawa, limatha lokha pakauma. Mandimu amagwiranso ntchito, koma musefe madzi ake ndipo mutsukuluze bwino popeza ali ndi shuga pang'ono yemwe amaitana nyerere.

Ulendo wina nsomba muziika m'beseni kapena m'ndowa yokhala ndi chivundikiro. Anthu ena amazimangirira panja, pagalasi loonera kumbuyo kapena kutsogolo kwa galimoto. Kale ndinkawaseka.

Nanga mkaka, chambiko, thobwa kapena maheu?

Mkaka ndi wachinyengo. Tsiku loyamba sununkha, munthu n'kumati zatha. Tsiku lachitatu mafuta ake ayamba kuola ndipo amatulutsa asidi wonunkha yemwe amapezekanso m'masanzi. Kapu imodzi yokha ikamwerera m'chibulangete ikhoza kukuzunzani miyezi.

Yamwitsani mwamsanga, tsukani ndi madzi ozizira ndi sopo wa mbale. Kenako gwiritsani ntchito sopo waufa wochapira zovala yemwe papaketi pake alembapo mawu oti enzymes kapena bio. Ma enzyme amenewa amaphwanya mafuta, mapuloteni ndi sitachi, zomwe ndi chakudya cha tizilombo tija. Sungunulani supuni yaing'ono imodzi mu lita imodzi ya madzi ofunda pang'ono mpaka ufa wonse usungunuke, nyowetsani pamalopo, vundikirani ndi nsalu yonyowa kwa theka la ola kuti pasaume msanga, kenako yamwitsani ndi kutsukuluza kangapo. Musathire viniga nthawi imodzi ndi sopo ameneyu, amamufooketsa. Pomaliza soda, yemwe pa fungo la mkaka wosasa amathandiza kuposa viniga.

Thobwa, kapena chindongwa monga amanenera kuno, ndi maheu zili ndi vuto lina: ufa. Zikauma zimalimba ngati phala logona m'poto, ndipo zikapeza chinyezi zimapitiriza kusasa mpaka galimoto kumanunkha ngati mwanyamula masese. Zikakhala zauma kale, zipaleni kaye ndi burashi youma n'kuchotsa ndi huva musanathire dontho la madzi.

Mafuta a tchipisi ndi kanyenya adontha. Madzi akungotsetsereka pamwamba.

Musayambe ndi madzi. Wazani soda wambiri kapena ufa woyera pabangapo, kanikizani pang'ono, siyani ola limodzi kuti umwe mafutawo, kenako sesani ndi kuchotsa ndi huva. Ngati mwagwiritsa ntchito ufa, onetsetsani kuti wachoka wonse musananyowetse, apo ayi mwaphikira mphemvu phala. Mukatero pakani sopo wa mbale, yemwe anapangidwira mafuta kumene, ndi madzi ofunda. Banga lamafuta limakonda kubwereranso pakatha masiku angapo chifukwa otsalira pansi amakwera. Likabwerera bwerezani, si kuti munalakwitsa.

Chigubu cha mafuta ophikira chikagubuduka chonse, imeneyo ndi nkhani ina. Pitani ku funso lotsiriza.

Tiyi, khofi, sobo, tomato, curry: zonsezi njira yake ndi imodzi?

Pafupifupi. Tiyi ndi khofi zimachoka ndi sopo wa mbale wotsatana ndi viniga. Pewani sopo wamtanda pa ziwirizi chifukwa amatha kukhazikitsa bangalo m'malo molichotsa. Ngati munali mkaka, chitani monga tanenera za mkaka, mtunduwo muuone pambuyo. Sobo ndi zakumwa zina zotsekemera vuto lake ndi shuga: pamaoneka poyera koma pamanata, ndiye tsukuluzani mpaka chala chisamamatire.

Curry ali ndi kachinsinsi kake. Chikasu chake chimachokera ku turmeric, ndipo turmeric akakumana ndi soda kapena sopo waufa amasanduka wofiira. Musadzidzimuke poganiza kuti mwaononga. Viniga amabwezeretsa chikasucho, ndipo dzuwa limachifufutitsa pang'onopang'ono. Ngati ndi mati yochotseka, iyanikeni padzuwa masiku awiri.

Pa kapeti yotuwa kapena yoyererako, banga la tomato kapena sobo wofiira likakanirira, hydrogen peroxide wa 3% wogula ku famase amathandiza. Donthezani pang'ono, dikirani mphindi zochepa, yamwitsani. Pa kapeti yakuda akhoza kusiya chigamba chotumbuluka, ndiye yesani kaye pobisika.

Bwanji ndingothira Jik kuti tizilombo tonse tife?

Ayi. Jik amasulutsa mtundu, ndipo chigamba chake sichibwerera. Akamwerera pansi amadya chitsulo ndi mawaya. Choopsa kwambiri n'choti akakumana ndi viniga amatulutsa mpweya wa chlorine, womwe umapsereza maso ndi mapapo, ndipo m'galimoto ndi mothina. Ngati munathira kale viniga dzulo, Jik asayandikire.

Parafini ndi petulo nazonso ayi, ngakhale wina atakuuzani kuti zimadula mafuta. Zimadula ndithu, koma mwasinthanitsa fungo la tchipisi ndi fungo lomwe silidzatha, ndipo mwaika moto pansi pa mapazi anu.

Ndatsuka, koma kuno dzuwa likusowa. Ndiumitsa bwanji?

Funso lenileni la ku Mzuzu ndi limeneli. Malangizo ambiri otsukira kapeti amatha ndi mawu oti siyani iume, ngati kuti kuuma kumangochitika kokha. Mwina ku Karonga kapena ku Salima. Kuno tili pamtunda wa mamita oposa 1,200, mvula imafika mpaka mu Epulo ikadali yamphamvu, ndipo mu Juni ndi Julayi kumacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, moti ngakhale thawulo la kubafa limatha masiku awiri pachingwe. Chuku chimayamba kumera pa chinthu chonyowa pakangotha maola 24 mpaka 48. Mukatsuka bwinobwino koma n'kulephera kuumitsa m'masiku awiri, mwachotsa fungo la msuzi n'kulowetsa la chuku, lomwe ndi louma mutu kuposa loyambalo komanso limavutitsa anthu a mphumu.

Ndiye kuumitsa kumayamba musanatsuke: thirani madzi ochepa momwe mungathere. Ngati banga si la mkaka kapena nsomba ndipo likhoza kudikira, dikirani tsiku lowala ndipo muyambe m'mawa, osati 4 koloko madzulo.

Mukamaliza kutsuka, yalani thawulo louma, pondani ndi thupi lonse, sinthani thawulo, pondaninso, mpaka lotsiriza lituluke louma. Usiku siyani thawulo lina kapena nyuzipepala zambiri pamalopo mutatsindika ndi njerwa yokutidwa m'jumbo. Pa kapeti yoyererako ikani nsalu pansi pa nyuzipepala kuti inki isadinde. Masana imikani galimoto poti mbali yonyowayo iloze dzuwa, zitseko zili zotsegula ngati muli kumpanda, kapena mawindo otsitsa pang'ono. Fani ya m'nyumba yolozetsa pansi imaumitsa kuposa dzuwa la mu Juni, chifukwa chofunika ndi mphepo yoyenda. Madzulo tsekani mawindo mame asanayambe.

Ngati pansi pamwerera, tukulani kapeti. Pulasitiki yomwe ili pakhomo, pomwe mumaponda polowa, m'galimoto zambiri imangogwidwa ndi timakilipi ndipo imazuka mukaikoka modekha. Mukaichotsa m'mphepete mwa kapeti mumatukuka. Lowetsani dzanja mukhudze chibulangete. Chikakhala chonyowa, chifinyeni ndi thawulo, ndipo mutchinjirize kapeti ndi kamtengo kapena botolo kuti mphepo izilowa pansi.

Njira ina ndi ya galimoto yomweyo. Poyenda, yatsani hita mulozetse kumapazi, AC, choziziritsira mpweya chija, ili yoyaka nthawi yomweyo. Ambiri amadabwa kuti hita ndi AC ziyakire limodzi, koma AC imachotsa chinyezi mumpweya n'kuchitayira pansi pa galimoto, pomwe hita ikutenthetsa kapeti. Ndi mafuta a masiku ano sindingakuuzeni kuti muilize pabwalo maola atatu, koma pa ulendo womwe mumayenda kale zimathandiza. Musalize injini m'galaja yotseka, utsi wake umapha mwakachetechete.

Mati ya labala musaibwezere mpaka pansi patauma. Ambiri amalakwira pomwepa: kapeti ikadali ndi chinyezi, avundikira ndi labala, ndiye ngati mwavundikira poto.

Ndikangopita nayo kotsukitsa galimoto, sangamalize zonsezi?

Zimatengera anyamatawo ndi zida zawo. Ofunika ndi omwe ali ndi huva yoyamwa madzi. Afunseni musanawapatse kiyi: achimwene, mukatsuka muyamwa ndi chiyani? Akakuonetsani ndowa ndi burashi basi, auzeni atsuke mamati okha panja.

Ndinapitako pamalo ena m'tauni muno, ndinasiya galimoto n'kupita kumsika. Pobwera ndinapeza alowetsa paipi m'kati, kapeti ikuwala, thovu lili mbwee, mnyamata akumwetulira kuti bwana lero yayera. Inayeradi. Koma madzi anakhala pansi milungu iwiri, mawindo ankachita nthunzi m'mawa uliwonse, ndipo kenako pa dashibodi panayaka nyali yomwe sindinaionepo. Walira mvula walira matope.

Pansi pa kapeti ndi pansi pa mipando pamadutsa mawaya. Zolumikizira zachikasu zomwe mumaziona pansi pa mpando ndi za airbag, thumba lija lofufuma pa ngozi, musazinyowetse ndipo musazizule. Galimoto zina zili ndi timabokosi ta kompyuta pansi pomwepo. A Toyota Aqua dziwani kuti batire lalikulu la hybrid lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo lili ndi kabowo kokokera mpweya woliziziritsa. Chakumwa chikatayikira chambiri pamenepo, kapena wina akalozetsapo paipi, nkhani yake si ya fungonso, ndi ya makaniko wa zamagetsi.

Mwana wasanza pokhotakhota pa Chiweta. Ndipange bwanji?

Valani jumbo m'manja, wolani zolimba, yamwitsani ndi nsalu yoti mukataya. Masanzi ali ndi asidi wa m'mimba, ndiye apa soda ndiye woyamba: wazani wambiri, amwe chinyezi, sesani. Mukafika tsukani ndi madzi ozizira ndi sopo wa ma enzyme uja. Yang'anani m'njanji za mpando ndi pa lamba, chifukwa fungo lotsalira limabisala kumeneko. Lambayo mukokeni yense, mumupukute ndi sopo wofatsa ndi madzi basi, ndipo aume asanabwerere m'malo mwake.

Amene mumayenda ndi ana msewu wa Karonga kapena wa Nkhata Bay, kapaketi ka soda ndi jumbo ziwiri zizikhala m'galimoto.

Pefyumu wa m'galimoto, makala, khofi: zimachotsa fungo?

Pefyumu sachotsa kanthu, amangokwera pamwamba pa fungolo. Kamtengo konunkhira kolendewera pagalasi kakasakanikirana ndi usipa woola, zotsatira zake aliyense wokwera Sienta anakumanapo nazo. Makala ouma oikidwa m'kabeseni pansi pa mpando amayamwako fungo lotsalira ndi chinyezi pang'ono, ndipo ndi otsika mtengo, koma amathandiza gwero la fungo likachoka kale. Khofi wogaya wouma, ngakhale wathu wa Mzuzu yemwe timanyadira, amangophimba mofanana ndi pefyumu, kungoti mwaulemu. Musamuwaze pa kapeti, muikeni m'kambale.

Mphuno imazolowera. Mukakhala m'galimoto mphindi zochepa simumvanso kanthu. Woweruza wabwino ndi munthu amene sanakweremo sabata yonse, ndipo amve masana galimoto itakhala yotseka padzuwa.

Ngati kapeti yayera, yauma, koma fungo limabwera mukangoyatsa fani, onani sefa ya mpweya wa m'kati. M'galimoto zambiri za ku Japan ili kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasenja, ndipo ambiri chigulireni galimoto sanaisinthepo.

Kapeti ikumanyowa mbali ya pasenja koma palibe chatayika. N'chiyani?

Limeneli si vuto la chakudya. Ngati madziwo ndi oyera, osanunkha, ndipo amabwera mukayatsa AC, kapaipi kotayira madzi a AC katsekeka ndipo akubwerera m'kati. Ngati ndi oterera, amtundu, onunkhira motsekemera, komanso madzi a mu rediyeta akuchepa, ndiye kuti hita ikudontha, pitani kwa makaniko musanaphike injini. Ngati amabwera mvula ikagwa, onani malabala a zitseko ndi ngalande za pansi pa galasi lakutsogolo, zomwe zimatsekeka ndi masamba mukamaimika pansi pa mtengo. Kutsuka kapeti musanatseke podonthera n'kutungira madzi m'dengu.

Nyerere ndi mphemvu zalowa. Ndipopere mankhwala?

Chotsani kaye chomwe zabwerera. Kankhirani mipando kutsogolo ndi kumbuyo, chotsani nyenyeswa za mabisiketi, mtedza ndi zitsononkho zomwe zagwera m'njanji. Chakudya chikatha zambiri zimasamuka zokha. Mukapopera, tsegulani zitseko kwa nthawi yaitali ana asanakwere. Nyenyeswa zimaitananso makoswe, ndipo khoswe akalowa m'galimoto samalizira pa mtedza, amapitirira ku mawaya.

Ndayesa zonse kangapo, fungo silikutha. Nditaye kapeti yonse?

Nthawi zambiri kapeti yeniyeniyo imapulumuka, chomwe chafa ndi chibulangete cha pansi. Mkaka wopitirira lita, chigubu cha mafuta ophikira, magazi a mbuzi ya pa Khirisimasi kapena madzi a nsomba omwe agonamo sabata, zimenezi sizichoka ndi kutsukira pamwamba ngakhale mutabwereza kakhumi.

Pitani kwa omwe amasoka mipando ya galimoto. Auzeni atukule kapeti, adule chigawo cha chibulangete chomwe chaolacho mopitirira pang'ono m'mphepete mwa banga, atsuke chitsulo ndi sopo, achiumitse, ndipo ngati dzimbiri layamba alipale n'kupaka penti asanatseke. Kapetiyo itsukidwe mbali zonse ziwiri ili panja, iume padzuwa, kenako aikemo chigamba chatsopano cha chinsalu chokhuthala kapena siponji yolimba. Ngati ntchitoyo ikufuna kumasula mipando yakutsogolo, pakhale makaniko woti achotse kaye batire chifukwa cha mawaya a airbag aja, ndipo mabawuti a mipando ndi a malamba amangidwe molimba monga analili. Kapeti ikakhala yoti yanyenyeka kapena chuku chalowerera paliponse, ogulitsa zipangizo za galimoto zophwasula amakhala nazo za Sienta, Vitz ndi Probox, koma muinunkhize kunsi kwake musanalipire.

Ngati mungathe kusankha nthawi, ntchito imeneyi ndi ya mu Seputembala kapena Okutobala, pomwe kapeti yochapa m'mawa imauma dzuwa lisanalowe. Mukaichita mu Epulo, konzekani kuyenda masiku atatu kapena anayi mapazi ali pachitsulo, kapeti ili pakhonde ikudikira fani.